Yureniyamu Wanga ndi Mtsuko wa ku Ligowe

Matipate atangobwera, aliyense pa Zalewa anasanduka wageni. Ufulu wolankhula tinkaumva pa wailesi, koma umene unafika mpaka m'matumba mwathu unali ufulu wogulitsa chilichonse kwa aliyense, paliponse pamene pali mthunzi. Munthu amene dzana ankaopa kutsokomola pafupi ndi mbendera anali atayala kaunjika m'mbali mwa msewu, akukuwa ngati akuingitsa mbalame m'munda wa mapira. Ine geni ndinali nditaiyamba kalekale, choncho ndinkayenda pakati pawo ngati hedimasitala pakati pa ana a sitandade wani. Ndinkagulitsa manachesi a kumtunda, matayala otha, mabatire, mitsuko. Ndinagulitsapo ngakhale galu, amene ankandikonda kwambiri moti ankabwerera yekha, ine n'kumugulitsanso.

Lamulo langa linali limodzi, ndipo ndinkaliphunzitsa kwa aliyense wondigulira tiyi: usamuuze wogulitsa chimene ukufunira katundu. Ukangonena kuti nkhukuyo ndi ya apongozi amene afika kale pakhomo, nkhuku yakwera mtengo iwe uli chiimire. Ukafuna mbuzi, yamba wafunsa za nkhunda. Ukafuna kwambiri, yasamula. Lamulo limeneli linandimangira nyumba ya malata, ndipo ndinkalikhulupirira kuposa mmene ndinkakhulupirira zambiri za pa Sabata.

Tsiku lina masana dalaivala wa thiraki yochokera ku Tete anandikodola kuti ndipite kuseri kwa galimoto yake. Anatulutsa chitini cha mkaka waufa, chokulungidwa m'chiguduli, n'kundipatsa kuti ndinyamule. Dzanja linatsika lokha. Chinali cholemera ngati muli mitu ya nkhwangwa. Atatsegula ndinaona mchenga wakuda wonyezimira, wokhala ndi timaso tofiirira apo ndi apo. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona kuti ameneyu ndi yureniyamu, anasiya asilikali nkhondo ya kwawoko itatha, ndipo azungu a ku Joni amagula ndi supuni ya tiyi.

Nkhope ndinaiuza kuti ikhale phee. Ndinayasamula. Ndinamuuza kuti mkazi wanga wakhala akudandaula za mchenga wabwino wokwechera mapoto, mwina uwu ungathandize. Tinanenererana mpaka mthunzi wa thiraki unasamukira mbali ina. Pomaliza anatenga wailesi yanga ya kaseti ndi jekete yachikopa, akupukusa mutu ngati munthu amene walandidwa munda. Ndinabwerera pabenchi panga ndikudzimvera nsanje ndekha. Patapita nthawi ndi pamene ndinakumbukira kuti thirakiyo pochoka inaliza hutala kawiri, mwansangala ndithu.

Benchi langalo linali pakhonde pa golosale ya mdala wina wachisilamu, munthu wofatsa wa kofiya woyera, amene ankayankhula pang'ono ngati mawu amawaoda ku Limbe. Nditamunong'oneza za chuma changa n'kupempha kuti tichiyeze pa sikelo yake ya shuga, anakoka sikeloyo n'kuiika pansi pa kauntala.

"Achimwene," anatero, "ine chiyambire geni sindinaonepo katundu wabwino amene amagulitsidwa monong'ona."

Ndinamukhululukira. Munthu wogulitsa sopo ndi machesi angadziwe chiyani za msika wa dziko lonse?

Azungu a supuni aja sanabwere. Ndinanong'oneza madalaivala opita ku Joni, ndinanong'oneza bwana wina wa tayi amene galimoto yake inaphwa tayala pamphambano, ndipo onse ankandiyang'ana ngati ndawapempha kuti tigawane chifuwa chachikulu. Chitini chinakhala pansi pa bedi. Mvula inayamba, chinyezi chinalowa m'nyumba, dzimbiri linagwira ntchito yake mosanenerera. M'mawa wina mkazi wanga akusesa anatulutsa kamzere ka mchenga wakuda kuchokera kunsi kwa bedi, kolunjika ngati njira ya linthumbu.

Mkazi wangayo kwawo ndi ku Dambe, kumapiri, ndipo nthawi imeneyo anali ndi pakati pa mwana wathu woyamba. Si munthu wa phokoso. Anangodikira mlongo wake, amene ankaphunzitsa sayansi kusekondale ndipo ankatiyendera sukulu akatsekera. Mlamu wangayo anagwada, anasuzumira kunsi kwa bedi, anamva nkhani yonse osandidula, kenako anatuluka panja n'kukasamba m'manja nthawi yaitali kuposa mmene ulemu umalolera.

"Alamu, apa pali njira ziwiri," anatero atabwerera. "Ngati uwu ndi mchenga wamba, mwapusitsidwa. Ngati ndi yureniyamu weniweni, ndiye kuti mwakhala mukugoneka mlongo wanga, ali ndi pakati, pamwamba pa chinthu chotulutsa cheza chosaoneka chimene chimawononga thupi. Musankhe nokha chimene mukufuna kuti chikhale choona."

Ndinaganizira mofatsa, ndipo ndinapeza kuti mtima wanga ukupendekera ku njira yachiwiri. Kudwala ndi tsoka, limagwera aliyense. Koma kupusitsidwa ndi dalaivala, ine, pa Zalewa pomwe pano, imeneyo inali imfa yoyenda nayo.

Mkazi wanga ayenera kuti anaiwerenga nkhope yanga, chifukwa kutacha anamanga zovala zake m'chitenje. Sanakalipe. Anandiphikira phala, anandionetsa pamene pali mchere, kenako ananena kuti akupita kwa amayi ake, ndipo sadzapondanso m'nyumba imene chitini chikudontha. Anawonjeza kuti ngati mwana adzabadwe nkhaniyi isanathe, amalume ake ananena kalekale kuti malo a mkamwini ku Dambe alipo, khasu liliponso. Amalumewo sanasangalalepo kuti ndinamutengera mwana wawo kumsewu. Ankati munthu wopanda munda ndi mlendo padziko. Ndinaona m'maganizo moyo wanga wonse ukutsetsereka paphiri, ine ndili pakati pa mizere ya mbatatesi, popanda ndi mmodzi yemwe womutsitsa mtengo.

Matola atanyamuka naye, mlamu anandipatsa njira yapafupi. Anati ali ndi mnzake amene anaphunzira naye, wogwira ntchito pakoleji ina m'tauni, ndipo kumeneko kuli kamakina kamene kamalira kakayandikira zinthu zoterezi. Tingopita nacho chitinicho, tikachisiye m'manja mwa odziwa. Ndinafunsa kuti odziwawo amagula bwanji. Anati sagula, amalandira. Ndinaseka. Akachipeza chenicheni achisunga, ine ndataya chuma. Akachipeza chabodza, Zalewa yense amva dzuwa lisanalowe. Geni yotere, yoluza mbali zonse, sindinaionepo.

Ndinati bwanji ndikachibise mu Shire, ndidzachivuule mitengo ikadzakwera. Anandifunsa ngati anthu a kumunsi anasiya kumwa madzi. Ndinati nanga kuchikwirira kuseri kwa nyumba. Analoza chitsime chathu ndi chibwano.

Apa uphunzitsi unamugwira, poti mphunzitsi akaona munthu wosadziwa amamva ngati mmene ine ndimamvera ndikaona mlendo ali ndi chikwama. Anandifotokozera mmene amachitira m'maiko amene amapanga magetsi ndi zinthu zimenezi. Zotsalira zake zimakhala zoopsa kwa zaka zochuluka kuposa zimene fuko lililonse lingakumbukire, ndiye chitsulo sachikhulupirira chokha, chimachita dzimbiri ngati chitini changa. Anati akatswiri ena amasakaniza zinyalalazo ndi ufa wa miyala yosankhika, amaupanikiza, n'kuuotcha pamoto woti uvuni ya njerwa ndi kandulo chabe, mpaka zonse zimagwirana kukhala dothi lootcha lolimba ngati mwala. Chiphe sichikhala m'kati ngati nyemba mumphika, chimasanduka mbali ya khoma lenilenilo. Akatero amadula tizidutswa n'kutiviika m'madzi otentha, m'madzi owawasa, m'madzi amchere, kwa nthawi yaitali, kenako amayeza madziwo kuti aone ngati kanthu kasungunukamo. Anati mdani wamkulu si wakuba kapena moto. Ndi madzi, chifukwa madzi sathamanga ndipo satopa.

Analankhula zambiri, koma ine ndinatolapo mawu awiri okha, dothi lootcha. Azungu ndi masukulu awo onse, mapeto ake atulukira mtsuko. Ndinamuuza kuti ngati nkhani ndi imeneyo, wafika kwa mwini wake. Anati chabwino, ndipeze chotengera chimene madzi sangalowe kapena kutuluka, achiyese yekha, chikapambana akalankhula ndi mlongo wake. Panopa ndimaona kuti ankadziwa kale mmene zithere. Aphunzitsi ena amakonda kuti mwana agwire yekha moto.

Mitsuko yanga ndinkaoda ku Ligowe, kwa mayi wina woumba mbiya, wamfupi, wokonda fodya wamphuno, amene pa nkhani ya mitengo anali yekhayo m'dera lonselo wondichititsa thukuta. Tinkalemekezana ngati agalu awiri a mbali ziwiri za mpanda. Ndinamupeza akupala dongo ndi chikonyo, mbiya zatsopano zili ndandanda pansi pa nkhokwe. Tinalonjerana, tinadandaula za mvula, tinadandaula za feteleza amene demokalase inamukweza pamodzi ndi mbendera zake. Kenako ndinayasamula, n'kunena kuti ndikufuna kamtsuko kamodzi, kapanyumba, ka madzi akumwa. Mayi akunyumba ali ndi pakati, ndipo kutentha kwa pa Zalewa akukudziwa.

Anadzuka n'kukatenga mtsuko wofiira, wa khosi lalifupi, wokongola ngati mkwatibwi. Anathiramo madzi n'kuuika pamthunzi. Tisanamalize kukambirana za msewu, mimba yake inali itada ndi chinyezi, timadontho tikutuluka ngati pamphumi pa munthu wonyamula thumba la chimanga. Aliyense wobadwira kwathu kuno akudziwa tanthauzo lake. Mtsuko wabwino umachita thukuta. Madzi amadutsa pang'onopang'ono m'timabowo tosaoneka, mphepo ikawomba pathukutapo madzi a m'kati amazizira ngati a pakasupe. Mtsuko wosachita thukuta ndi ndowa chabe, ukamwa madzi ake pa Zalewa umakhala ngati wamwa tiyi wopanda masamba. Ndinali nditagulitsa mitsuko yambirimbiri ndi mawu amenewa, ndikuwagwiritsa ogula pamimba pake kuti amve okha kunyowa.

Ndiye manja anga anachita zimene anazolowera. Ndinaugogoda ndi chala, unalira bwino. Ndinausisita, unali wonyowa bwino. M'mutu mwanga mtsuko wabwino unali umodzi basi, wabwino pa chilichonse. Za madzi osathamanga ndi osatopa zija zinali zitatsalira pa Zalewa. Ndinkangoganiza kuti mchenga sungadutse pamene singano singadutse.

Mayi uja anandiyang'ana m'mbali, akufwenthera fodya. Anati nkhope yanga sikuoneka ngati ya munthu wofuna madzi ozizira. Analoza mbiya ina yakuda bii, yosalala, imene anaikulungiza ndi mwala n'kuiwaza madzi a makungwa ili yamoto.

"Iyo siipuma, bambo. Ndi ya mowa. Ngati pali chimene mukufuna kusunga kuti chisatuluke, tengani imeneyo. Kodi mukufuna kuikamo chiyani kwenikweni?"

Ndinamwetulira mumtima. Msampha wakale umenewo, kufunsa wogula chimene akufunira katundu, kwinaku ukumukankhira mbiya imene yakanika kugulika. Ndinati madzi, mayi, madzi okha. Tinalimbana pamtengo wa wofiira uja mpaka anandiwonjezera chivundikiro ngati basera. Ndinaumanga pakaliyala ndi udzu ndi malegeni, n'kutsika nawo ngati ndanyamula mfumukazi.

Mayeso ndinafuna achitikire poyera. Ndinaitana mboni, ndinapempha khonde la golosale, ndipo kwa anthu ndinangoti tikuyesa mitsuko ya mtundu watsopano yoti tizitumiza kunja. Mdala wa golosale, amene ankadziwa zoona zake, anangosuntha matumba a mchere kuti tipeze malo. Mlamu anafika Loweruka ndi kabotolo ka jivi, mankhwala apepo aja opaka pazilonda. Mchenga wanga sanaukhudze n'komwe, anati ukhale kaye m'chitini chake, m'thumba la pulasitiki, kutali ndi anthu. Mumtsuko anathiramo madzi, mchere wambiri ndi jivi yense. Kenako anauimika m'beseni, n'kuthira m'besenimo matsukwa amene anapempha kwa mayi wina woviika mphale, owawasa moti ntchentche zinkabwerera panjira. Anati madzi a pansi pa nthaka si onse okoma, ena amaluma chonchi. Chivundikiro changa cha basera anachiswa, n'kuponya phale limodzi m'chidulo. Mtima unandipweteka, basera ndi basera.

Anati za m'kati zikhale m'kati, za kunja zikhale kunja, mayeso ake ndi omwewo. Iye abweranso Loweruka linalo.

Mchere ndi umene unayamba kundipereka. Pamwamba pa mzere wa matsukwa panatuluka zoyera ngati ndevu za nkhalamba. Ndinkafika m'mawa golosale isanatsegulidwe n'kuzipukuta ndi malaya, pofika masana zameranso. Kenako khungu la mtsuko linayamba kusupuka timambamamba, ukaligwira likutsalira kuchala. Ndinadzilimbitsa mtima kuti mchere ndi mchere, ngakhale munthu amautulutsa. Koma m'mawa wina ndinapeza kadontho kapepo pamimba pake. Tsiku linalo timadontho tinali tambiri, tikugwirana, ndipo matsukwa a m'beseni anayamba kuoneka ngati madzi ochapira yunifolomu ya kwaya.

Masiku amenewo mtundu wa nsalu unali nkhani yaikulu. Chipani chilichonse chinali ndi mtundu wake, ndipo munthu ankayamba waganiza kawiri asanavale malaya opita nawo kumsika. Anthu ataona mtsuko wasanduka wapepo, mtundu umene panalibe chipani chinautenga, anati wayambitsa chipani chakechake. Ogulitsa makala ankaima ndi njinga zawo kudzafunsa kuti msonkhano uliko liti. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa ankati akamadutsa amaugwadira, n'kuupempha kuti ukadzawina usadzaiwale mijigo. Ine ankanditcha mlembi wamkulu. Ndinkaseka nawo, poti wageni salira pamaso pa ogula, koma kuseka kwake kunali kwa munthu amene waponda minga pagule.

Mlamu atabwera anaviika chala m'beseni, anachiyang'ana, anavuula phale lija m'chidulo n'kulifikisa, m'mphepete mwake munkanyenyeka. Anandifunsa ngati woumbayo ndinamuuza ntchito ya mtsukowo. Ndinati ayi, wogula sanena. Mdala wa golosale anatsokomola kuseri kwa kauntala.

"Achimwene munapita kwa sing'anga n'kukabisa matenda," anatero, "kuti mankhwala atsike mtengo."

Mlamu anabweranso ndi uthenga wa ku Dambe. Masiku a mlongo wake anali atayandikira, ndipo amalume anali atapima kale kachigawo kanga ka munda, kotsetsereka bwino kuti madzi asamaime.

Ndinakweranso njinga kupita ku Ligowe, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire geni ndinamuuza wogulitsa zoona. Ndinanena za dalaivala, za chitini, za mkazi, za jivi. Mayi uja anasuntha mpando wake kubwerera m'mbuyo, n'kufunsa ngati chinthucho ndabwera nacho. Nditati ayi, anaseka mpaka fodya anamutsamwa. Atapuma anandiuza kuti mbiya yakuda ija tsopano yakwera mtengo, poti ndanena chimene ndikuifunira. Lamulo langa lomwe, likundimenya ndi chigwiriro chake.

Koma ine ndinali nditabwera ndi nzeru ina yoposa pamenepo. Ndinakumbukira kuti azungu aja chiphe amachilowetsa m'khoma lenilenilo. Ndiye ndinamupempha kuti asakanize mchenga wangawo ndi dongo lake, aumbe chinthu chimodzi cholimba, achiotche kawiri kapena katatu, ine ndilipira nkhuni. Anatambasula manja ake pamaso panga, dongo lili m'zikhadabo, n'kunena kuti dongo amakanya ndi manja omwewo amene amadyera, ndipo moto wake ndi wa makungwa ndi mapesi, umazima munthu asanamalize kusenda chinangwa. Kenako anandilondolera kuseri kwa khola, kumene kunali mbiya yakuda yakale, mbale wake wa ijayi. Anaipendeketsa kuti ndione m'kati. Pansi pake panali pokumbikakumbika, podyeka ngati dzino la munthu wokonda nzimbe. Anati ndi mowa umenewo, kuwawasa kwake kumadya mbiya pang'onopang'ono.

"Yanga imasunga mowa mpaka ukwati utatha, mwina maukwati angapo," anatero. "Inu mukufuna yosunga mpaka kubwera kwa Ambuye. Imeneyo kafunseni kwina, ine sindinaumbepo."

Ndinabwerera kaliyala ali pululu. Panjira ndinayesa kuwerengera mbali zonse monga mwa chizolowezi, ndipo mbali zonse zinkathera pamalo amodzi, paphiri, khasu lili m'manja, mwana wanga akukula akudziwa kuti bambo ake ndi mkamwini uja anasinthanitsa nyumba ya malata ndi chitini.

Tinapita m'tauni ndi mlamu, chitini chili m'mapulasitiki, mapulasitiki ali m'chidebe, chidebe chili pamwamba pa basi pakati pa nkhuku za eni ake. Mnzake uja anali munthu wochepa thupi, wa malaya oyera ofika m'mawondo. Anatulutsa kamakina kokhala ngati wailesi yaing'ono, zimene zinandikumbutsa wailesi yanga ya kaseti, n'kukayandikiza pakhoma kaye. Kanati te, n'kukhala chete, n'kudzatinso te. Atakayandikiza pamchenga kanayamba kulira motsatizana ngati nkhululu yoyamba kuyesa mawu. Ndinamugwira mlamu pamkono. Ndiye kuti sindinapusitsidwe.

Chimwemwe chinatha msanga. Munthuyo anathira pang'ono pagalasi, anayang'ana ndi chokuzira, n'kunena kuti uwu ndi mchenga wolemera umene umapezeka m'mitsinje ina ndi m'mphepete mwa mapiri ena. Timaso tofiirira tija ndi timene tikuliza makina, muli pang'ono zinthu za mtundu umene dalaivala ananena. Si woika pansi pa bedi, si wopumira fumbi lake, ndipo anachita bwino mayi kuchokapo. Koma palibe mzungu wa supuni amene akuufuna. Amene amaugula amagula ndi sitima zapamadzi.

Kenako iye ndi mlamu anayamba kukambirana mosangalala ngati ine palibe. Zimene ndinatolapo ndi zakuti timiyala timeneto ndi tolimba modabwitsa. Mtsinje umatigubuduza zaka zosawerengeka, miyala ina yonse imasungunuka n'kusanduka matope, ito timatsala, chiphe chake chili chigwirire m'kati. Anati ndi mtundu umodzi wa miyala imene akatswiri aja amayesa kutengera akamaotcha dothi lawo losungira zinyalala. Ndiye kuti ine ndinagula mkaidi ali kale m'ndende yamiyala, n'kumayendayenda m'mapiri kumufunira chisakasa cha udzu.

Ndinaona kampata. Ndinakonza kukhosi n'kunena kuti ngati ndi mwala umene azungu akuvutika kuutengera, ndiye kuti pamenepa tili ndi chitsanzo chenicheni, ndipo chitsanzo sichingakhale chopanda mtengo. Mlamu anandiponda phazi. Munthu wa malaya oyera anandithokoza chifukwa cha mtima wanga wokonda dziko, n'kutsekera chitini m'kabati yachitsulo. Ndinatuluka manja ali m'thumba, ndikumva kupepuka kwa munthu amene wabedwa mwaulemu.

Ku Dambe ndinafika nditayera ndi fumbi, matola atandisiya panjira pamene phiri linawakanika. Mkazi wanga anali pamkeka pakhonde, miyendo itatupa, akusola nandolo ndi amayi ake. Nditalonjera apongozi, mkazi wangayo sanafunse za ulendo.

"Mwagulitsa, bambo, kapena mwapereka?"

"Ndapereka."

"Ulere?"

"Ulere, mayi."

Anandipempha kuti ndibwereze mokweza pang'ono, amayi samva bwino khutu lakumanzere. Ndinabwereza. Apongozi anati iwo anamva kale poyamba paja, koma zinali zokoma kumvanso.

Kutsika phiri kunali kutachedwa, choncho mwana anabadwira pachipatala cha ku Dambe konko, wamkazi, wa zala zonse, zimene ndinaziwerenga mobwerezabwereza anamwino akundiseka. Podikira kuti atuluke chikuta ndi kulimba pang'ono, amalume anati si bwino mwamuna kungokhala, ndipo kachigawo kaja kanali kale kopimidwa. Ndinalima. Matuza amene ndinatuluka nawo anali aakulu kuposa mbatatesi zimene zinadzakumbidwamo, koma tsiku lotsika linafika, ndipo tinatsika atatu.

Pa Zalewa tinapeza mdala wa golosale atatisungira mtsuko uja kuti tiutenge, poti anati ukumuthamangitsira ogula ena ndi kumubweretsera ena osagula. Ndinafuna kuuswa. Mkazi wanga anakana, anauika pakhonde pathu pafupi ndi chitseko, pamene nkhuku inadzaupeza n'kuyamba kuikiramo. Kuyambira pamenepo ndikafika kunyumba ndikuyenda mwakachetechete, maso akuwala, n'kuyamba kunena motsitsa mawu kuti mayi, lero ndakumana ndi munthu wina ali ndi katundu, iye amangotuluka panja, n'kugogoda mtsukowo kawiri ndi chala. Suliranso bwino, umangoti phu, phu.

Chaka cha chisankho chotsatira munthu wina wa galimoto anaima pakhomo, anauona, n'kunena kuti sanaonepo mtsuko wa mtundu umenewo, angaugule kuti akaike maluwa. Ndinamuuza kuti dongo lake ndi losowa, limapezeka phiri limodzi lokha, ndipo woumba wake anasiya. Tinali titangoyamba kukoma pamene mawu anachokera m'nyumba, osakweza n'komwe.

"Umenewo sugulitsidwa, bambo. Ndi wanga, ndimaugwiritsa ntchito."

Mlendoyo anasuzumira mumtsuko, anaona nkhuku, anaona ming'alu, n'kufunsa kuti ntchito yanji. Ndinamuuza kuti kwathu kuno zimenezo sitinena.